Kusankha ndi Kulumikiza Chipangizo Choyendetsa Mabuleki a Ngolo Yokokedwa ndi Pick-up

Alimi, amalonda ndi onse amene amakoka ngolo, kapena kuti thirela, ndi galimoto za mtundu wa pick-up akudziwitsidwa kuti mabuleki a galimoto anapangidwa kuti aziimitsa galimotoyo ndi katundu amene yasenza, osati pamodzi ndi ngolo yolemera imene ikubwera m'mbuyo. Matumba 30 a chimanga a makilogalamu 50 lililonse amakwana makilogalamu 1,500. Mukaphatikiza chitsulo cha ngoloyo, kulemera kumayandikira matani awiri, pafupifupi kulemera kwa Toyota Hilux kapena Ford Ranger yopanda katundu. Pa mtsetse wautali monga wa Chiweta, wa Khwekhwelere, kapena wotsikira ku Thabwa pamsewu wochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, ngolo yotere ikakhala yopanda mabuleki akeake imakankha galimoto. Mabuleki a galimoto amatentha n'kuleka kugwira, ndipo pokhota ngoloyo imatha kukankhira matayala a kumbuyo kumbali, galimoto n'kupingasa pamsewu. N'chifukwa chake mayiko monga South Africa, Britain ndi Australia anaika malire pa makilogalamu 750: ngolo yolemera kuposa pamenepo ikadzaza iyenera kukhala ndi mabuleki.

Musanagule chilichonse, yambani mwadziwa mtundu wa mabuleki a ngolo yanu. Ngolo zambiri zochokera ku South Africa ndi ku Ulaya zili ndi mabuleki ogwira okha. Pamphuno pa ngolo pamakhala chitsulo chotsetsereka. Galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imadzikankhira pa chitsulocho, ndipo icho chimakoka nthambo zopita ku matayala. Ngolo yotere sifuna chipangizo chamagetsi, ndipo woigulira brake controller wangotaya ndalama. Chipangizochi n'cha ngolo za mabuleki a magetsi, zimene n'zofala ku United States, Canada ndi Australia. Mudzazizindikira poona mawaya awiri akulowa kuseri kwa dilamu ya tayala. M'kati mwa dilamumo muli maginito a magetsi. Magetsi akafika, maginitowo amamatirira ku dilamu imene ikuzungulira, amakokedwa nayo, n'kusuntha kachitsulo kotambasula ma brake shoe. Magetsi akachuluka, mabuleki amagwira kwambiri. Akachepa, amagwira pang'ono. Ntchito yonse ya controller, imene imamangidwa pafupi ndi woyendetsa, ndi kuyeza magetsi amenewa.

Ma controller alipo a mitundu iwiri. Wotsika mtengo umayendera nthawi: mukaponda buleki, umayamba kutumiza magetsi pang'onopang'ono mpaka kufika pa mlingo umene munauikiratu, posalabadira kuti mwaponda mofatsa kapena mwadzidzidzi. M'tauni ngolo imagwedeza galimoto nthawi iliyonse mukaima, ndipo mbuzi ikadumphira pamsewu mphamvu yonse ya mabuleki imafika mochedwa. Mtundu wachiwiri uli ndi kachipangizo komva mmene galimoto ikuchepetsera liwiro, ndipo umagwiritsa mabuleki a ngolo molingana ndi kuponda kwanu. Zitsanzo zodziwika ndi Tekonsha Prodigy ya ku America ndi Redarc Tow-Pro ya ku Australia. Kwa munthu wonyamula ng'ombe, zimene zimagwa ndi kuvulala ngolo ikamagwedezeka, kapena woyenda m'misewu ya m'mapiri, mtundu wachiwiriwu ndiwo woyenera, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwera. Woyambawo ungakwanire ngolo yaing'ono yoyenda mwa apo ndi apo pamalo athyathyathya.

Pogula, werengani pa bokosi chiwerengero cha ma axle amene controller ingayendetse, chifukwa zina zimathera pa awiri, zina atatu kapena anayi. Onaninso mphamvu ya magetsi a galimoto yanu. Maginito a mabulekiwa ndi a mavoti 12, monganso pick-up zambiri, koma Land Cruiser zina za dizilo ndi malole aang'ono monga Mitsubishi Canter amayendera mavoti 24, ndipo controller yosapangidwira mphamvu imeneyo imapsa.

Mawaya anayi

Ma controller ambiri amatuluka ndi mawaya anayi. Chotsani kaye waya wa negative pa batire musanayambe ntchito. Waya wakuda umapita ku positive ya batire, kudzera pa circuit breaker yodzibwezera yokha: ya ma amp 20 ngati ngolo ili ndi axle imodzi kapena awiri, ya ma amp 30 ngati ali atatu kapena anayi. Chifukwa chosankhira breaker m'malo mwa fyuzi n'chakuti fyuzi ikapsa pakati pa mtsetse mabuleki a ngolo atha mpaka mutaika ina, pomwe breaker ikazizira imabwezeretsa magetsi. Imangidwe pafupi ndi batire.

Waya woyera ndi wa earth, ndipo upite ku negative ya batire yeniyeniyo, osati ku kabawuti kalikonse kamene mwakapeza pansi pa dashboard. Kusinthanitsa wakuda ndi woyera, ngakhale kwa kamphindi, kumaononga chipangizocho. Dziwani kuti m'galimoto zambiri zimene timazidziwa waya wakuda ndiwo umakhala wa earth, choncho dzanja la mmisiri wozolowera limatha kulakwa pamenepa.

Waya wofiira umauza controller kuti mwaponda buleki. Umalumikizidwa pa swichi ya nyali za buleki imene ili pamwamba pa chopondera, ku mbali imene imakhala ndi magetsi pokhapokha chopondera chapondedwa. Mukalumikiza ku mbali yokhala ndi magetsi nthawi zonse, controller imaganiza kuti mwaponda kosalekeza. Mukalumikiza pa waya wophethira pamodzi ndi ma hazard, mabuleki a ngolo azigwira ndi kusiya motsatira kuphethirako. Yezani ndi multimeter, osangoyerekeza. M'galimoto zatsopano swichi imeneyi imalankhula ndi kompyuta ya galimoto, ndipo kudula mawaya ake mwachisawawa kungasokoneze zinthu zina. Pamenepo funani mawaya okonzedwera mtundu wa galimoto yanuyo, kapena pitani kwa mmisiri wa magetsi a galimoto.

Waya wabuluu ndiwo umanyamula magetsi kuchoka pa controller kupita ku soketi ya kumbuyo. Maginito a tayala lililonse amakoka pafupifupi ma amp 3, kotero ngolo ya matayala anayi imafuna ma amp 12 pa mtunda wa mamita angapo. Waya wa nyali kapena wa wailesi sungakwanitse zimenezi: magetsi amatayika m'njira, mabuleki amagwira mofooka, wayayo n'kumatentha. Wakuda, woyera ndi wabuluu akhale a 4 mm², ndipo pa ngolo yaitali kapena ya ma axle atatu, a 6 mm². Pa muyezo wa ku America amenewa ndi pafupifupi gauge 12 ndi gauge 10. Kumeneko nambala yaing'ono imatanthauza waya wonenepa. Podutsa pa bowo la chitsulo ikani kamphira kuti waya usadulidwe, ndipo mutalikitse ndi ekizozi. Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi kungagwire ntchito masiku oyamba, koma fumbi ndi kugwedezeka kwa msewu wadothi zimamasula mfundo zotere; polumikiza pafunika kupana ndi chopanira kapena kuwotcherera.

Pulagi: apa ndi pamene ambiri amasochera

Mtundu wa waya si umboni wa ntchito yake. Pulagi yozungulira ya mano 7 imene imapezeka pa galimoto zambiri kuno kummwera kwa Africa imatsatira muyezo wa ISO 1724, umene ulibe dzino la mabuleki a magetsi. Pa muyezo umenewu waya wabuluu uli pa dzino nambala 2, ndipo ku Ulaya ndi wa nyali ya kumbuyo ya m'nkhungu. Dzino nambala 5 ndi la nyali ya kumbuyo ya kumanja. Ku Australia zinthu n'zosiyana: dzino nambala 5 ndilo la mabuleki. Munthu akalumikiza ngolo ya ku Australia potsatira manambala okha, mabuleki ake adzagwira ndi mphamvu yonse pamene woyendetsa wayatsa nyali madzulo, galimoto ili pa liwiro. Pulagi ya ku America ya mano aphanthiphanthi siilowa n'komwe m'soketi yathu, ndipo poisintha ndi pamene mawaya amasokonezeka. Chofunika ndi kuyeza waya uliwonse mbali zonse ziwiri, kusankha dzino limene lilibe ntchito ina kapena kuika pulagi yapadera ya mabuleki okha, n'kulemba zimene mwachita pa pepala losungidwa m'galimoto. Earth ya ngolo idutse m'pulagi ndi waya wonenepa mofanana ndi wabuluu. Mpira wokokera ngolo, umene umakhala ndi girisi ndi dzimbiri, sungadaliridwe.

Controller imangidwe zolimba ndi masikuluwu, pamalo amene dzanja lingafike mosavuta, moyang'ana mmene buku lake lanenera. Yomva kuchepa kwa liwiro ikamalendewera pa mawaya imamva zolakwika.

Ntchito ikatha, yesani pamsewu wouma, wosatsetsereka ndi wopanda anthu, ngolo itanyamula katundu wake. Yendani pa liwiro la makilomita 40 pa ola, gwiritsani mabuleki kangapo kuti afunde, kenako kokani kachogwirira ka pa controller osaponda buleki ya galimoto. Matayala a ngolo akauma n'kukwekwereza, chepetsani mlingo. Ngolo ikamveka kuti sikukoka galimoto, onjezerani, mpaka mufike pongotsala pang'ono kuti matayala aume. Mlingo umenewu ndi wa katundu wa tsikulo. Mlimi wopita kumsika ndi mabelo a fodya amabwerera ngolo ili yopanda kanthu, ndipo mlingo wa popita udzadya matayala pobwerera. Wopita wopanda kanthu kukatenga feteleza ayenera kuonjezera asananyamuke. Pamsewu wa miyala kapena mvula ikagwa, chepetsani pang'ono. Kachogwirira komweko n'kothandizanso ngolo ikayamba kupepeluka uku ndi uku: chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero mowongoka, n'kukoka kachogwirirako mofatsa kuti ngolo ibwerere pamzere. Pa mtsetse wautali tsikanibe ndi giya yaing'ono, chifukwa mabuleki a ngolo nawonso amatentha.

Ngolo ya mabuleki a magetsi ikaduka pa galimoto, pulagi imazuka ndipo magetsi amatha. Pa chifukwa ichi ngolo zolemera zimakhala ndi kabatire kakekake ndi swichi ya kachingwe: ngolo ikaduka, kachingweko kamazula kapini, kabatire n'kugwiritsa mabuleki onse. Ku Australia zimenezi n'zokakamiza pa ngolo yoposa makilogalamu 2,000, ndipo mabuleki ayenera kugwirabe kwa mphindi zosachepera 15. Mangani kachingweko pa chitsulo cha galimoto, osati pa tcheni kapena pa mpira, ndipo ngolo ikakhalitsa osayenda, monga zimachitikira pakati pa nyengo zokolola, yezani kabatireko ndi kukatchaja musanapakire katundu.