Uthenga wafika, koma walemba ndani?

Inu amene mwayamba kuwerenga nokha mauthenga a pa foni, nkhani iyi ndi yanu.

M'chaka cha 2019, ku Russia kunatuluka filimu yotchedwa Tekst, kutanthauza mawu olembedwa. Anaikonza ndi Klim Shipenko, potengera buku la Dmitry Glukhovsky la 2017.

Filimuyi ikukamba za Ilya, mnyamata wokhala pafupi ndi mzinda wa Moscow. Wapolisi wina, Pyotr Khazin, anamuikira mankhwala ozunguza bongo m'thumba n'kumumanga. Ilya anakhala m'ndende zaka 7 popanda mlandu. Atatuluka, anapeza mayi ake atamwalira. Ndi mtima wowawa anafunafuna wapolisi uja, ndipo atakumana anamupha. Mtembo anaubisa, koma foni anaitenga.

Mufoniyo munali moyo wonse wa Pyotr: zithunzi, mavidiyo, zinsinsi za kuntchito ndi mauthenga a abale. Ilya anawerenga zonse, naphunzira kalembedwe ka mwini wake. Kenaka anayamba kuyankha mauthenga ngati kuti iye ndi Pyotr. Ankalembera mayi a Pyotr, bambo ake, ndiponso Nina, chibwenzi chake chomwe chinali ndi pakati. Kwa masiku angapo onsewa ankaganiza kuti akucheza ndi munthu wamoyo.

N'chifukwa chiyani ananamizidwa? Nambala inali yomweyo, dzina lomwelo. Koma mawu olembedwa alibe nkhope, alibenso liwu. Foni ikalira, Ilya ankazemba kulankhula, chifukwa liwu likanamuulula.

Akuba a pa kompyuta ndi pa intaneti amachitanso chimodzimodzi. Sathyola chitseko. Amalowa mu foni kapena mu WhatsApp ya munthu, n'kuyamba kupempha ndalama m'dzina lake.

Tsono uthenga ukafika wakuti mwana wanu ali pamavuto, mutumize ndalama msanga pa M-Pesa kapena e-Mola, musathamange. Muimbireni, mumve liwu lake. Akapanda kuyankha, funsani mbale wina amene ali naye pafupi. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya mafoni. Foni ikatayika, pitani ku kampaniyo akatseke nambala yanu, ndipo dziwitsani abale tsiku lomwelo.

Kuwerenga mwakudziwa tsopano. Uthenga uliwonse ukafika, yambani mwadzifunsa kuti walemba ndani.