DIMBA LA PAKHOMO M'MITOLO YA UDZU

Kwa inu eni mabanja amene mulibe malo ku dambo.

Mudziwa nonse umo zikhalira m'mudzi mwezi wa Ogasiti utapita. Nkhokwe ikali ndi cimanga, koma mphika wa ndiwo usowa coikamo. Mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya umene amai anayanika m'masika ucepa tsiku ndi tsiku, ndipo ana ayamba kudyera nsima mcere. Amene ali ndi dimba sadera nkhawa, pakuti mpiru wace uli wobiriwira. Koma madimba ali ndi eni ace, ndipo m'midzi yambiri anthu acuruka koposa madambo. Mwana wokhala miyezi 3 kapena 4 osadya masamba afoka thupi, nagwidwa msanga ndi nthenda, ndipo ena maso ao aleka kupenya bwino kukayamba mdima. Cifukwa cace tikulemberani za njira yopezera ndiwo pakhomo penipeni, pangakhale pouma ngati njerwa, pangakhale pa thanthwe.

Njirayo ndi iyi: mumanga udzu wouma ukhale mtolo wolimba, muuthirira madzi ndi manyowa kufikira wayamba kubvunda m'kati, ndipo mubzala ndiwo m'mtolomo monga ngati m'nthaka. Si nzeru ya dzulo ai. M'zaka za m'ma 1960 alimi a ku England ndi ku Holland analikulima nkhaka ndi matimati pa mitolo ya mapesi a tirigu m'nyumba zao za magalasi, pothawa nthenda zokhala m'nthaka. Ndipo m'caka ca 2013 Joel Karsten wa ku Minnesota, m'dziko la America, anaturutsa buku limene linaphunzitsa anthu ambiri kucita comweco pamakomo pao. Kumeneko mitolo imangidwa ndi makina, ndipo aigula ndi ndalama. M'midzi muno mulibe makinawo, koma muli mapazi ndi luzi, ndipo udzu womwewo autentha caka ndi caka posaka mbewa.

Mapesi a mpunga ali abwino, cotero a ku Karonga, a ku Nkhotakota ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ali ndi mwai. Mapesi a tirigu, monga a ku Tsangano ndi ku Neno, ndi a mawere, ali abwinonso. Momwemonso udzu wakale wosasula pa denga. Mapesi a cimanga ndi a mapira acedwa kubvunda cifukwa ca kukula kwace. Muwaduledule ndi kuwasanganiza ndi zotsala za nyemba kapena za mtedza. Musatenge udzu umene uli ndi njere zace, mungadzalime chire m'malo mwa ndiwo. Musatengenso udzu wa m'munda umene anapoperamo mankhwala akupha udzu, pakuti ena a mankhwalawo akhalitsa m'mapesi, napotokola masamba a matimati ndi a nyemba.

Kumbani dzenje la mapazi 3 m'litali, phazi limodzi ndi theka m'mimba mwace, ndi kuya kwace comweco. Yalani pansi zingwe 2 za luzi kapena za khonje motsata utali wa dzenje, nsonga zace zikhale kunja. Tsono ikani udzu mopingasa zingwezo, mutaudula kapena kuupinda kuti ulingane ndi dzenje, ndi kuupondaponda pang'ono pang'ono kufikira ladzala. Nchito iyi ana aikonda, musawakanize. Mangani zingwe kolimba ndithu, ndi kusolola mtolowo. Mukakhoza kulowetsa nkhonya m'kati mosabvuta, mtolowo uli wolekera, ndipo udzaphwasuka ndiwo zisanakule, umangeninso. Pouika pamalo pace muugoneke cam'mbali, kuti nsonga za udzu ziloze kumwamba, ndi zingwe zizinge m'mbali osakhudza pansi. Potero madzi atsika ndi mapesi kulowa m'kati, ndipo zingwe sizibvunda msanga.

Malo ace akhale oomba dzuwa koposa theka la tsiku, ndiponso otalikira cipupa ca nyumba ndi nkhokwe, cifukwa ca makoswe, njoka ndi moto. Mdani wamkuru ndiye ciswe. Ikani mitolo pa thanthwe, kapena pa miyala yaphanthiphanthi, kapena pa matumba akale a feteleza, ndi kuwaza phulusa pozungulira. Ndipo muziyang'ana kunsi kwace kawiri kawiri. Za mpanda wochinga mbuzi ndi nkhuku sitiyenera kukuuzani.

Tsopano tifika pa cinthu cimene ambiri alakwapo. Udzu wouma pa wokha sudyetsa mbeu. Cimene ciusandutsa cakudya ca mizu ndico tizirombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene tibvunditsa zinthu zonse zakufa. Kwa tiziromboto udzu uli ngati nsima, ndipo manyowa ali ngati ndiwo. Popanda ndiwo sitidya nsimayo. Mukabzala m'mtolo wosakonzeka, tizirombo tilanda cakudya conse cimene cikadapita ku mbeu, ndipo masamba asanduka acikasu, mbeu niipinimbira. Cifukwa cace muyenera kuyamba mwadyetsa mtolo, musanafune kuti mtolo ukudyetseni.

Masiku 3 oyamba thirani madzi okha, kufikira aturukira kunsi. Kuyambira tsiku la 4 wazani pamwamba mbale imodzi ya zitosi zouma za nkhuku, kapena mbale 2 za manyowa a mbuzi osinja, muzikankhire m'kati ndi kamtengo, ndi kuthira madzi. Mawa lace thirani madzi okha, mkuja manyowa ndi madzi, ndipo muzitero masabata 2. Mkodzo wa m'nyumba wosanganiza ndi madzi, muyeso umodzi wa mkodzo ku miyeso 5 ya madzi, ugwira nchito yomweyo msanga koposa zitosi. Tidziwa kuti ena adzanyansidwa pakumva ici. Koma uthiridwa pa udzu mbeu zisanabzalidwe, si pa masamba akudya ai. Amene ali ndi feteleza wa yureya awaze theka la kapu ya tiyi pa mtolo uli wonse tsiku la 4, la 5 ndi la 6, ndi theka la muyeso womwewo tsiku la 7, la 8 ndi la 9, nathire madzi nthawi zonse. Ndi feteleza mtolo ukonzeka m'masabata 2. Ndi manyowa a ziweto yembekezani masabata 3.

M'masiku amenewa m'kati mwa mtolo mutentha kwambiri, nthawi zina kupitirira madigiri 50. Ine ndinaphunzira ici ndi manyazi. Caka cimene ndinayesa koyamba, ndinaona mbande zanga za matimati zitakula pa nazale, ndipo sindinapirire. Ndinaziokera tsiku la 8, pamaso pa anyamata amene ndinalikuwaphunzitsa, ndipo mkuja wace zonse zinali zitagona, mizu yace itapsya ngati yophika. Musawerenge masiku okha. Lowetsani dzanja m'kati kufikira pa mfundo ya mkono, monga mai ayesa phala la mwana. Mukamva kutentha koposa thupi lanu, lindani. Mukamva kufunda kokha, ndipo udzu wa m'kati wada, wafewa, nununkha ngati nthaka ya kunsi kwa mtengo, nthawi yakwana. Kufunda kotsalako kuthandiza mbeu m'malo ozizira monga ku Dedza, m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Pookera mbande ng'ambani udzu ndi cikhasu kapena ndi mtengo wosongoka, ikani m'mng'aluwo dothi labwino lodzala manja awiri, ndi kuokera monga mwa masiku onse. Mtolo umodzi ulandira matimati 2, kapena kabici 3, kapena maungu 2 amene adzayanga pansi. Musaonjeze cifukwa ca umbombo. Za njere zazing'ono, monga mpiru, tanaposi ndi bonongwe, yalani pamwamba ponse dothi losanganiza ndi manyowa obvunda, kucindikira kwace zala 3, ndi kufesa m'menemo. Matimati afuna mtengo wozika m'nthaka pambali pa mtolo, pakuti wozika m'udzu udzagwa. Cimanga musayese, citalika, nicigwetsedwa ndi mphepo.

Iwo amene matimati ao afota caka ndi caka m'malo amodzimodzi, kapena mizu yace itupa timfundo timfundo, adzapindula koposa ndi njira iyi, popeza nthenda ziwirizo zikhala m'nthaka. Koma asamale kuti mizu isabowole kufika pansi, ndi kuti dothi loika m'mtolo lisacokere m'munda wodwalawo.

Sitifuna kukubisirani bvuto lace, ndilo madzi. Mtolo uuma msanga koposa nthaka ya ku dimba, ndipo ukauma m'kati ubvuta kuunyowetsanso. Kwa ine ndowa imodzi inakwanira mitolo 3 kapena 4 pa tsiku m'nyengo yozizira, koma m'Okutobala mitolo 2 yokha. Madziwo asenza ndi akazi anu ndi ana anu akazi, cotero mupangane nao musanamange mitolo 20. Yambani ndi 4 kapena 5. Madzi otsukira mbale ndi mpunga, ngati alibe sopo wambiri, asatayidwenso pabwalo. Amene citsime cace ciri kutali ndithu, kapena amene ali nalo kale dimba labwino, njira iyi si yace.

Kamodzi pa sabata thirani pa tsinde madzi obviikamo manyowa obvunda, osagwetsera pa masamba, ndipo ndiwo muzizitsuka musanaphike. Bowa wamng'ono akamera pa mtolo musaope, asonyeza kuti udzu ulikubvunda bwino. Koma muletse ana kumudya.

Pofika mvula yoyamba mtolo udzakhala utaphwa, wakuda ndi wofumbutuka. Umenewo ndi manyowa okoma. Muunyamule kunka nao ku nazale kapena m'mapando a maungu. Udzu wa mitolo ya caka ca mawa muusonkhanitse m'Meyi, mutangokolola, anyamata a mbewa asanafike ndi moto.