Kodi mumadziwa? Makope a amayi nawonso ndi mbiri

National Archives ya ku Zomba, komwe kumasungidwa zolembedwa zakale za dziko lino, inayamba mu 1947, ndipo zikalata zambiri za nthawi ya atsamunda zinalembedwa ndi amuna: abwanamkubwa, ma DC ndi amishoni. N'chifukwa chake mawu a amayi amasowa. Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi m'chipani cha Nyasaland African Congress n'kumangidwa mu 1959, nkhope yake ili pa K200, koma buku la mawu akeake, lomwe Timwa Lipenga analemba atacheza naye, linatuluka mu 2019, mwiniwake atamwalira kale mu 2016.

Ngati zinatero ndi mayi wotchuka chonchi, nanga amayi a kwa Kasakula amene amayendetsa Chigwirizano, banki m'khonde ndi makomiti a mijigo? Ena anganene kuti kwathu mbiri timasunga pakamwa. N'zoona, koma pakamwa sipasunga chaka kapena ndalama zimene zinasonkhedwa pomanga sukulu. Kope la mlembi limasunga. Alembi inu, makope akadzadza musayatsire moto. Apititseni ku mpingo kapena kwa amfumu, asungidwe posafika chiswe.