Kabokosi kolira kamene alenje a ku Britain amasakira akalulu

Amene mumathera bandulo pa TikTok ndi YouTube mwina munazionapo. Bambo wovala jombo, kukuzizira, akuyenda mowerama m'munda atagwira kabokosi kakang'ono pafupi ndi nthaka. Kabokosiko kakulira. Waima, watenga fosholo, wakumba, ndipo posakhalitsa watulutsa kalulu pamodzi ndi kanyama kena kakatali thupi. Ambiri amayesa ndi makina ofufuzira golide. Ayi ndithu. Kumeneko n'kusaka kwa ku Britain, ndipo chimene kabokosiko kakufuna si kalulu, koma mlenje mnzake amene ali pansi pa nthaka.

Mlenje wapansiyo ndi ferret. Maonekedwe ake ali ngati nyenga, thupi lalitali, miyendo yaifupi, koma fungo lake limakumbutsa kanyimbi. Ndi kanyama koweta, ndipo anthu a ku Ulaya akhala akusaka nako kwa zaka pafupifupi 2,000. Ku England, m'chaka cha 1390, kunaikidwa lamulo loletsa munthu wosapeza mashilingi 40 pachaka kusunga ferret wosakira, poopa kuti amphawi atha akalulu a mabwana.

Apa ndifotokoze kaye, chifukwa ambirife tingasokonezeke. Kalulu wathu wa m'nthano uja sakumba una, amagona pa udzu, ndipo ukamudzidzimutsa amadalira liwiro. Kalulu wa ku Ulaya ndi wina. Amakhala m'magulu, amakumba mauna olumikizana okhala ndi makomo ambirimbiri, ngati mbewa koma zazikulu. Aliyense amene anakumbapo mbewa nthawi ya chilimwe akudziwa kuti ukaiwala khomo limodzi lobisika, ndiwo zonse zithera pomwepo.

Choncho mlenje amayamba watchera timaukonde pa khomo lililonse, kenaka n'kulowetsa ferret. Akalulu akamva fungo la mdani amathawa, n'kukodwa mu ukonde. Palibe mfuti, palibe poizoni, palibe moto. Zikayenda bwino, ferret amatuluka yekha.

Koma si nthawi zonse zimayenda choncho. Kalulu wina amakana kutuluka, amakakamira kumapeto kwa una, ndipo ferret amamupha komweko. Akadya n'kukhuta, amagona pansi pomwepo, mwini wake ali panja akunjenjemera ndi chisanu. Mauna ena ndi akuya kuposa msinkhu wa munthu ndipo amayenda mokhotakhota pansi pa mizu ya mitengo. Ukumba pati?

Akale anali ndi njira yawo. Ankatenga ferret wamwamuna, wamkulu thupi, n'kumumanga chingwe chachitali chokhala ndi zizindikiro, kenaka n'kumulowetsa kuti akapeze pamene pali nyamayo. Kutalika kwa chingwe chimene chalowa kunkawauza mtunda, koma osati mbali. Ndiye ankakumba dzenje, kupeza chingwe, kuona kumene chalowera, kukumbanso lina, mpaka atafika. Ena ankagona pansi n'kuika khutu pa nthaka kuti amve phokoso. Chingwecho chikakodwa pa muzu, ferret wachiwiri nayenso ankakhala pa mavuto. Dzuwa linkatha kulowa munthu akukumbabe.

Kolala yamagetsi ndiyo inathetsa zimenezo. Ferret amavala kalamba m'khosi kokhala ndi kachipangizo kakang'ono ndi batire longa la wotchi. Kachipangizoko kamatumiza chizindikiro chimene chimadutsa m'dothi, ndipo kabokosi ka m'manja mwa mlenje kamachimva. Akamayandikira pamwamba penipeni pa ferret, kulira kumasintha, ndipo kabokosiko kamaonetsanso kuya kwake. Yodziwika kwambiri ndi Ferret Finder ya kampani ya Deben ya ku Suffolk. Yakale inali kabokosi kotuwa kokhala ndi kagudumu kozunguza ndi chala, ndipo alenje ankakulunga kolala ndi tepi kuti matope asalowe. Yatsopano, Mk3, ili ndi timagetsi tosonyeza kuya ndipo imamva mpaka mamita pafupifupi 5.

Wina afunsa kuti bwanji osangoika GPS n'kumaonera pa foni. Yankho n'lakuti chizindikiro cha setilaiti sichilowa pansi pa nthaka. Foni yanu yodula ija pamenepa ilibe ntchito, kabokosi kopanda intaneti, kopanda sikirini, ndiko kamagwira.

Kwa alimi a kumeneko si masewera. Akalulu amadya tirigu, msipu ndi mitengo yongobzalidwa, ndipo mauna awo amagumula mphepete mwa minda. Lamulo la Pests Act la 1954 limakakamiza mwini malo pafupifupi m'dera lonse la England ndi Wales kuchepetsa akalulu pa malo ake. Matenda a myxomatosis atafika mu 1953 anapha pafupifupi onse, koma anaswananso. Ngakhale lamulo la Hunting Act la 2004, limene linaletsa kusaka nkhandwe ndi agalu, linasiya mpata pa akalulu ndi makoswe, bola mwini malo wavomereza.

Mkangano ulipo. Alenje ena achikulire amati kabokosi kapha luso, achinyamata sadziwanso kumvetsera nthaka, amangothamangira fosholo kakangolira, m'malo modikira kuti kalulu atuluke yekha. Pamenepo ali ndi mfundo, pakuti munda wodzaza maenje osakwirira umathyola miyendo ya nkhosa ndi akavalo, ndipo mlimi sangakuitanenso. Omenyera ufulu wa nyama nawo amati kusaka konseku ndi nkhanza, kolala kapena ayi.

Ine ndili kumbali ya kolala, ndipo chifukwa changa si kuchuluka kwa nyama ya m'poto. Ferret wotayika pansi amafa ndi njala ngati watsekeredwa, ndipo akatuluka usiku mwini wake atapita, amasanduka chilombo cha m'tchire chodya nkhuku ndi mbalame. Ku New Zealand anabweretsa maferret m'zaka za m'ma 1880 kuti athane ndi akalulu, lero ndi amodzi mwa adani a mbalame ya kiwi. Pa chilumba cha Rathlin ku Northern Ireland nkhani ndi yomweyo, maferret amene anabwera kudzapha akalulu anayamba kudya mbalame za m'nyanja zoikira mazira pansi, mpaka panafunika ntchito yaikulu yowachotsa. Munthu wolowetsa nyama yake m'dzenje alibe njira yoitulutsira ndi wosasamala basi, ngakhale atati agogo ake ankatero.

Komanso kalulu wovulazidwa amafikiridwa m'mphindi zochepa m'malo movutika maola. Kwa amene amadandaula za nkhanza, imeneyi siyenera kukhala nkhani yaing'ono.

Amene mwayamba kale kuwerengera kuti muitanitsa kolala kudzera kwa achibale a ku Leeds kapena Manchester, sungani ndalama zanu. Kalulu wathu salowa pansi, ndipo una wa mbewa ndi wochepa kwambiri moti ferret sangalowemo. Ngakhale kwawoko si ntchito ya chaka chonse. Amasaka kuyambira cha mu Seputembala mpaka Malichi, pamene udzu wafota ndipo m'mauna mulibe ana ambiri, chifukwa ferret akapeza tiana amadya n'kugona, ndiye kukumba kumachuluka. Ndipo mlenje wodziwa ntchito amayesa kolala iliyonse pa kabokosi asanalowetse ferret, poti batire likathera pansi amabwerera ku njira ya agogo ija, khutu pa dothi lozizira.