CIPHE COBISIKA M'MADZI NDI NTHENDA YA SHUGA

Lero tikambirana za ciphe cina, dzina lace arsenic. Ciphe cimeneci cikhala m'miyala, kawirikawiri pamodzi ndi mkuwa kapena golidi. Cikasungunuka m'madzi ciribe pfungo, siciwawa, ndipo madziwo aoneka oyera ndithu. Citurukanso m'utsi ndi m'pfumbi pamene asungunula miyala yotere.

Kuyambira kale madokotala anadziwa kuti arsenic adzetsa kansa ya khungu, ya mapapu ndi ya cikhodzodzo. Za shuga zinamveka pambuyo pace. Pa cisumbu ca Taiwan panali midzi imene anthu ace anamwa zaka zambiri madzi a zitsime zakuya okhala ndi arsenic wambiri. M'caka ca 1994 ofufuza analengeza kuti amene anamwa ciphe coposa ndiwonso anadwala shuga koposa. Mu 1998 zomwezo zinapezeka ku Bangladesh, kumene anakumba zitsime za mipope zosawerengeka kuti athawe madzi a m'maiwe odzetsa kutsegula m'mimba, osadziwa kuti pansipo pali mdani wina. Ku Sweden, mu 1995, ofufuza anaona zizindikiro zolozera komweko pakati pa anchito osungunula mkuwa. Umboni wolimba ucokera kumene cipheco cinali cocuruka.

Nanga cimacitika nciani m'thupi? Kumbuyo kwa cifu kuli ciwalo cochedwa kapamba, cimene cipanga insulin. Nchito ya insulin ndiyo kutsegulira shuga njira kuti acoke m'mwazi nalowe m'minofu, kumene asanduka mphamvu. Arsenic afoketsa kapambayo, naletsanso minofu kumvera insulin. Motero shuga aunjikana m'mwazi. Munthu amva ludzu losatha, akodza pafupipafupi, aonda, atopa msanga, ndipo zironda zace zicedwa kupola. Izi sizibwera tsiku limodzi ai, koma pang'onopang'ono, zaka zirikupita.

Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linaika malire mu 1993: arsenic asapitirire magalamu 1 m'malita 100,000 a madzi akumwa. Ndiko kunena migolo 500 ya malita 200. Taonani kucepa kwace!

Tsono mucite ciani? Coyamba, kumbukirani kuti kuwiritsa madzi kupha tizirombo, koma sikucotsa arsenic. Madzi akaphwera, ciphe citsalira m'poto. Cokhaco cimene cingakuuzeni zoona ndico kupimitsa madziwo, cifukwa cace pemphani a zaumoyo apime citsime canu. Musatunge madzi akumwa kapena othirira ndiwo pafupi ndi miulu ya zotaya za mgodi, ndipo ana asasewereko. Inu a ku ng'anjo, valani cophimba mphuno, sambani m'manja musanadye, ndipo zobvala za kunchito musalowe nazo m'nyumba.

Mukaona mawanga akuda pakhungu, kapena zikhato ndi mapazi zirikukhakhala ngati njerewere, pitani ku cipatala, mukawauze kumene mugwira nchito ndi kumene mutunga madzi. Akupimeninso shuga. Nthendayi iri ndi zifukwa zinanso, monga kunenepa, ukalamba ndi mtundu wa ku makolo. Koma ikadziwika msanga, munthu akhala nayo zaka zambiri ali pa nchito yace.