Nkhanu ndi ndiwo zopatsa thanzi zikaphikidwa moyenera

Pamene mitengo ya nyama ndi nsomba ikunka ikwera m'misika ya m'dziko muno, mabanja ambiri akufunafuna ndiwo zina zomanga thupi zomwe angazipeze mosaboola m'thumba. Zina mwa ndiwo zomwe anthu ambiri amazilambalala ndi nkhanu, ngakhale kuti zimapezeka m'mitsinje, m'madambo komanso m'Nyanja ya Malawi.

Asodzi ambiri amaona nkhanu ngati mdani chifukwa zimadya nsomba zokodwa mu ukonde ndi kusokoneza maukondewo. Kumidzi, nthawi zambiri nkhanu zimatengedwa ngati chakudya cha ana opita kukasewera kumtsinje, omwe amaziwotcha mwachangu pamoto wa ziputu. Komatu m'dziko loyandikana nalo la Mozambique, nkhanu ndi ndiwo zapamwamba zomwe amalandirira nazo alendo olemekezeka.

Kusiyana kumeneku kwagona pa kaphikidwe. Nkhanu yophikidwa bwino ndi yokoma ndi yopatsa thanzi, pamene yosapsa kapena yowonongeka ikhoza kugoneka banja lonse m'chipatala.

Phindu lake m'thupi

M'magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe Boma limalimbikitsa, nkhanu zili m'gulu la zakudya zochokera ku nyama. Pa magalamu 100 aliwonse a mnofu wa nkhanu mumapezeka magalamu pafupifupi 18 a zomanga thupi, ndipo mafuta ake ndi ochepa kwambiri. Mnofuwu ulinso ndi vitamini B12 komanso michere ya zinki ndi seleniyamu, yomwe imathandiza thupi kukula ndi kudziteteza ku matenda.

Izi ndi zofunika m'dziko muno momwe kafukufuku wa zaumoyo wa chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kafukufuku wa nthawi yomweyo anaonetsanso kuti anthu oposa theka anali operewera zinki m'thupi. Kuwonjezera apo, nsomba zomwe Amalawi akhala akudalira zinayamba kuchepa kalekale, monga zinachitikira ndi chambo cha m'Nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Nkhanu sizingalowe m'malo mwa nsomba chifukwa mnofu wake ndi wochepa, kawirikawiri supitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa nkhanu yonse. Komabe zikhoza kuthandiza kusinthasintha ndiwo pakhomo.

Mitundu ya nkhanu

Nkhanu za m'dziko muno ndi za m'madzi opanda mchere. Za m'mitsinje ndi zazing'ono, zamtundu wodera, ndipo zimabisala pansi pa miyala kapena m'mauna a m'mphepete mwa madzi. Za m'Nyanja ya Malawi ndi zokulirapo, zamtundu wobiriwira ngati thambo, ndipo zimakonda malo a miyala. Zimayenda kwambiri usiku pofunafuna chakudya.

Kumbali ya Mozambique, nkhanu zodziwika ndi zikuluzikulu za m'matope a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, makamaka m'nkhalango za mitengo ya mangrove. Izi ndi zomwe zimagulitsidwa m'misika ya mizinda monga Quelimane, Beira ndi Maputo, ndipo imodzi yokha ikhoza kulemera kilogalamu.

Ogula ayeneranso kudziwa kuti timitengo tofiira ndi toyera tomwe masitolo ena amagulitsa pa dzina la crab sticks si nkhanu ayi. Timapangidwa kuchokera ku mnofu wa nsomba wopera, womwe amausakaniza ndi ufa ndi zokometsera.

Kusankha ndi kusunga

Lamulo loyamba ndi lakuti nkhanu iphikidwe ikadali yamoyo kapena itangophedwa kumene. Nkhanu ikafa, tizilombo ta m'mimba mwake timafalikira mumnofu mofulumira kuposa momwe zimakhalira ndi nsomba, makamaka m'madera otentha monga Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Chikwawa. Yopezeka itafa kale, kaya m'mono kaya pamsika, itayidwe.

Nkhanu yabwino imagwedeza miyendo mwamphamvu, imalemera m'manja, ndipo chigoba chake chimakhala cholimba. Yachigoba chofewa ndiye kuti yangofundula kumene ndipo m'kati mwake mumakhala madzi okhaokha. Fungo lililonse lokhala ngati la mkodzo ndi chizindikiro chakuti yayamba kuwonongeka.

Poyembekezera kuphika, nkhanu ziikidwe m'dengu pamthunzi ndipo zifunditsidwe ndi chiguduli chonyowa. Kuzisiya m'ndowa yodzaza madzi kwa nthawi yaitali kumazipha chifukwa mpweya wa m'madzimo umatha. Pozigwira, dzanja lidzere kumbuyo kwa chigoba komwe zopanira zake sizifika.

Malo omwe nkhanu zachokera ndi ofunikanso. Popeza nkhanu zimadya zilizonse zogwera pansi pa madzi, za m'mitsinje yodutsa m'mizinda, monga Mudi ku Blantyre, si zoyenera kudya chifukwa m'madzimo mumalowa zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale.

Chifukwa chake ziyenera kupsa mokwanira

Nkhanu za m'madzi opanda mchere zikhoza kukhala ndi tinyongolotsi totchedwa Paragonimus, tomwe munthu akatimeza timaboola matumbo ndi kukakhazikika m'mapapo. Wodwalayo amatsokomola kwa nthawi yaitali, nthawi zina makhololo a magazi, moti matendawa amasokonezedwa ndi chifuwa chachikulu cha TB. Matendawa amadziwika kwambiri ku Asia komanso m'maiko a kumadzulo ndi pakati pa Africa monga Nigeria ndi Cameroon. Ku Nigeria odwala anachuluka pa nthawi ya nkhondo ya Biafra ya 1967 mpaka 1970, pamene njala inachititsa anthu kudya nkhanu zosapsa.

Mchere, mandimu, viniga kapena mowa sizipha tinyongolotsiti. Chomwe chimatipha ndi moto basi. Mankhwala a matendawa ndi praziquantel, omwenso achipatala amapereka kwa odwala likodzo.

Vuto lina ndi kolera. M'chaka cha 1978 anthu 11 a m'dera la Louisiana ku America anapezeka ndi tizilombo ta kolera atadya nkhanu zophikidwa kunyumba. Ofufuza anapeza kuti tizilomboti tinkapulumuka m'nkhanu zowiritsidwa kwa mphindi 8. Phunziro limeneli ndi lofunika kwa Amalawi, omwe anataya abale oposa 1,700 pa mliri wa kolera womwe unayamba m'mwezi wa Marichi 2022 ndi kupitirira mpaka mu 2023.

Anthu ambiri amanamizidwa ndi mtundu wa chigoba. Nkhanu ikangokhudza moto imafiira m'mphindi zochepa, pamene m'kati mwake musanapse. Choncho kufiira si umboni wakuti yapsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chitenthe kufika madigiri 70 mpaka m'kati mwenimweni. Mnofu wakupsa umakhala woyera ndi wolimba, osati wonyezimira ngati phala la chinangwa.

Kuwiritsa ndi kukonza

Ophika ambiri amayamba aika nkhanu m'firiji yozizira kwambiri kapena m'madzi oundana kwa mphindi 20 kuti zikomoke. Izi zimachepetsa kuzunzika kwake komanso zimathandiza kuti miyendo isathothoke m'poto.

Kenako nkhanu zitsukidwe ndi burashi m'madzi aukhondo kuti matope onse achoke. Madzi a m'poto akhale ambiri, athiridwe supuni imodzi yaikulu ya mchere pa lita iliyonse, ndipo awire kaye nkhanu zisanaikidwemo. Nthawi iyambe kuwerengedwa madziwo akawiranso: mphindi 15 kwa nkhanu zazing'ono ndi mphindi 20 kapena kuposerapo kwa zikuluzikulu.

Zikazizira pang'ono, wophika achotse kachivindikiro ka pamimba, kenako akanganule chigoba cha pamsana. M'mbali zonse ziwiri mumaoneka tinthu totuwa, tofewa, tokhala ngati zala, tomwe nkhanu imapumira. Timeneti tichotsedwe pamodzi ndi kathumba ka zakudya komwe kali kuseri kwa kamwa. Thupi lidulidwe pakati, ndipo zopanira ziswedwe pang'ono ndi munsi kapena msana wa mpeni kuti msuzi ulowe.

Mpeni, thabwa ndi mbale zomwe zakhudza nkhanu zaziwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze chakudya china, ndipo wophika asambe m'manja.

Nkhanu zotendera

Iyi ndi njira yosavuta kwa mabanja ambiri chifukwa zofunika zake zimapezeka pakhomo. Pa nkhanu 6 zokulirapo pamafunika anyezi mmodzi, tomato atatu, kapu imodzi ya nsinjiro, mchere ndi tsabola wa kambuzi kwa omukonda.

Anyezi ndi tomato ziphikidwe m'madzi pang'ono mpaka zifewe. Nsinjiro zisungunulidwe kaye m'madzi ozizira kuti zisachite mibulu, kenako zithiridwe m'poto uku zikutakasidwa. Zikawira kwa mphindi 10 pamoto wochepa, zidutswa za nkhanu ziikidwemo ndipo ziphikidwe kwa mphindi zina 10. Ndiwo zimenezi zimayenda bwino ndi nsima ya mgaiwa kapena kondowole.

Matapa

Matapa ndi ndiwo zotchuka za ku Mozambique zomwe sizisiyana kwenikweni ndi chigwada chotendera cha kuno kwathu. Masamba anthete a chinangwa amasinjidwa mumtondo pamodzi ndi adyo mpaka asalale. Akatero amawiritsidwa kwa mphindi zosachepera 30 poto ali wosavindikira. Kusinja ndi kuwiritsa kumeneku nkofunika chifukwa masamba aawisi a chinangwa ali ndi poizoni yemwe amatuluka ndi nthunzi.

Masamba akafewa, amathiramo nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, womwe umapezeka pofinya kokonati wopala m'madzi ofunda. Nkhanu zimalowa kumapeto ndipo zonse zimaphikidwa pamoto wochepa mpaka msuzi ugwirane. Matapa amadyera mpunga, ndipo mpunga wonunkhira wa Kilombero wa ku Karonga umagwirizana nawo kwambiri.

Nkhanu za kare

Ndiwo zimenezi Achipwitikizi amazitcha caril de caranguejo, ndipo zimaonetsa ubale wakale wa malonda pakati pa gombe la Mozambique ndi dziko la India. Anyezi ndi adyo zikazingidwe m'mafuta ochepa, kenako muthiridwe supuni imodzi ya kare ndi tomato. Tomato akapsa, muthiridwe makapu awiri a mkaka wa kokonati ndi zidutswa za nkhanu, ndipo ziwire pang'onopang'ono kwa mphindi 15. Moto ukachuluka mkaka wa kokonati umalekana ndi mafuta ake. Madzi a mandimu afinyiridwe poto atatsitsidwa kale pamoto.

Msuzi wa tinkhanu ta mumtsinje

Tinkhanu tating'ono tilibe mnofu wambiri woti munthu achotse ndi zala, koma timatulutsa msuzi wokoma. Tikawiritsidwa ndi kukonzedwa, tisinjidwe mumtondo woyera pamodzi ndi zigoba zake. Zosinjazo zibwezeredwe m'poto, ziwire kwa mphindi 15, ndipo zisefedwe ndi sefa wa maso ang'onoang'ono kapena kansalu koyera. Kusefa kuchitike mosamala chifukwa tizidutswa ta chigoba tikhoza kutsamwitsa mwana. Msuziwo ukhoza kuphikira nkhwani, bonongwe kapena mpunga.

Oyenera kusamala

Anthu ena matupi awo sagwirizana ndi nkhanu. Akadya amatuluka zidzolo zoyabwa, amatupa milomo ndi nkhope, amasanza, ndipo ena amabanika. Vuto limeneli silitha ndi kuphika. Aliyense wovutika kupuma atadya nkhanu athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo.

Palinso ena omwe sadya nkhanu chifukwa cha chipembedzo, monga akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist omwe amatsatira malamulo a zakudya a m'buku la Levitiko mutu 11. Choncho wokonzera alendo chakudya ayambe wafunsa, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nkhanu zophika zisakhale pamtetete kwa maola oposa awiri. Zotsala zisungidwe m'firiji ndipo zidyedwe pasanathe masiku awiri zitatenthetsedwanso mpaka kuwira. Ngati magetsi anazima kwa nthawi yaitali ndipo firiji yafunda, ndi bwino kuzitaya.

Ogwira nkhanu nawonso adziwe kuti kuloweza miyendo m'madzi odekha momwe muli nkhono kumaika munthu pachiopsezo cha likodzo. Matendawa salowa podya nkhanu koma kudzera pakhungu, kotero kutchera mono wokhala ndi nyambo kuli bwino kuposa kufufuza pansi pa miyala kwa maola ambiri.

Kuteteza nkhanu za mawa

Nkhanu za m'madzi opanda mchere siziswana mochuluka ngati za m'nyanja ya mchere. Yaikazi imaikira mazira ochepa, imawanyamula pamimba, ndipo imasunganso ana ake pomwepo kwa kanthawi akaswa. Imadziwika ndi kachivindikiro ka pamimba kotambalala, pamene ka yaimuna ndi kopyapyala. Kupha yaikazi yonyamula mazira ndi kupha mbewu yonse, choncho ibwezeredwe m'madzi pamodzi ndi zing'onozing'ono.

Lamulo losamalira ndi kuyendetsa ntchito za usodzi la chaka cha 1997 limaletsa kugwiritsa ntchito poizoni popha zam'madzi. Mchitidwe wothira katupe kapena mankhwala a mbewu m'mitsinje umapha nkhanu, nsomba ndi tizilombo tina tothandiza, komanso umaika pachiswe miyoyo ya odya. Nkhanu zimayeretsa mitsinje podya masamba ovunda ndi zinthu zakufa, ndipo ndi chakudya cha akatumbu ndi mbalame zina za m'madzi.

Alangizi a zaumoyo, a zaulimi ndi a zausodzi, pamodzi ndi makomiti a m'magombe, ali ndi mwayi wofikitsa uthengawu kumidzi pa misonkhano yawo ya nthawi zonse. Mfundo zofunika kuzitsindika ndi zitatu: nkhanu ichokere m'madzi aukhondo, ifike kukhitchini ili yamoyo, ndipo iwire kwa mphindi zosachepera 15 isanaperekedwe kwa ana kapena akulu.