Kakhalidwe ka Radiyeta: Chifukwa Chake Injini Zimawira pa Msewu wa ku Marka

Msewu wa M1 umathera pa Marka, m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Dera limeneli ndi lotsika kuposa madera onse m'Malawi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Injini imagwira bwino ntchito madzi ake akakhala pa madigiri pafupifupi 90. Motero mpweya ukatentha chonchi, mphamvu yake yoziziritsa imachepa, ndipo cholakwika chaching'ono pa radiyeta chimaimitsa galimoto panjira.

Radiyeta imaziziritsa madzi pokhapokha mpweya ukudutsa m'timipata take. Ikaima chilili, mphepo yochokera kutsogolo imalowa mwachindunji. Ikapendekeka, mphepo imayenera kukhota kuti ilowe, ndipo ngati palibe chimene chikuilondolera, yambiri imangotsetsereka pamwamba n'kuthawira m'mbali. Kupendekeka kungachititsenso kuti pothirira madzi pasakhalenso pamwamba penipeni, mpweya n'kutsekeredwa m'kati, madzi n'kumayenda movutikira.

Komabe kupendekeka pakokha si vuto. Okonza magalimoto ampikisano a Formula One amapendeketsa radiyeta mwadala kuti yaikulu ikwane pamalo aang'ono, galimoto ikhale yowonda ndipo iboole mphepo mosavuta. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amamanga ngalande yolondolera mpweya kufikira pa radiyetapo. Nkhani ya mphepoyi imakhudza thumba la mwini galimoto aliyense: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo yokankhira galimoto m'mbuyo imawirikiza kanayi, ndipo mafuta amapita ambiri. Mpweya wolowa kutsogolo n'kusowa potulukira umawonjezera kukankhako.

Vuto limabuka galimoto ikagunda mbuzi kapena ng'ombe, radiyeta n'kubwezeretsedwa mokhota, yomangidwa ndi waya, chivindikiro chozungulira fani chitatayidwa. Pachigwa, galimoto ikuthamanga, zonse zimaoneka ngati zili bwino. Zimaululika pokwera zitunda za Chikwawa kulowera ku Blantyre, pamene liwiro ndi lochepa, katundu ndi wolemera, ndipo fani yokha ndiyo ikukoka mpweya. Injini ikawira, gasiketi imapsa, ndipo wodwala kapena mbewu zopita kumsika zimagona panjira.

Eni magalimoto ndi amakaniko akulangizidwa kubwezeretsa radiyeta monga anaiikira kufakitale, kusataya chivindikiro cha fani, kutsuka fumbi ndi matope m'timipata, ndiponso kusatsegula chitsekerero injini ikadali yotentha, popeza madzi ake amawotcha koopsa.